Thovu lomwe linatisokoneza pa makina olekanitsa zitsulo

Katundu amene tinalandira Lolemba anali wa galimoto zakale zophwanyidwa n'kukhala tizidutswa. Zitsulo zogwira maginito anali atazichotsa kale, ndiye chimene chinafika kwa ine chinali chisakanizo cha aluminiyamu, zinki, mkuwa, brass (chitsulo chosakaniza mkuwa ndi zinki) ndi mtovu pang'ono. Ntchito yanga ndi kuyang'anira makina olekanitsa zimenezi potengera kulemera kwake, ndipo chida chachikulu pa ntchitoyi ndi madzi a maginito.

Madziwa ndi akuda bii. M'kati mwake muli timchenga ta magnetite, mwala wachitsulo wogwira maginito, ta pafupifupi ma nanomita 10 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), tokutidwa ndi mankhwala kuti tisamatirane. Woyamba kuwapanga anali Steve Papell wa ku NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga, mu 1963, amene ankafuna njira yokokera mafuta a roketi kumalo kumene zinthu sizigwa pansi. Kwathu kuno madziwa amadutsa m'ngalande yomwe pansi pake pali maginito amphamvu. Maginitowo amakoka madzi, madziwo n'kumakankhira m'mwamba chilichonse chimene chili m'kati mwake, kwambiri pafupi ndi maginito, pang'ono pamwamba. Motero chidutswa chilichonse chimapeza pake poima. Aluminiyamu, amene amalemera kuposa madzi wamba ka 2.7 kokha, amayenda pamwamba, zinki wa 7.1 pakati, mkuwa wa 8.9 m'munsi mwake, pamene mtovu wa 11.3 umachita kukwawa pansi. Kumapeto kwa ngalande kuli timalata togawa magulu amenewa.

Lachiwiri m'mawa anzanga oyeza katundu anandiuza kuti mu gulu la zinki mukupezeka mkuwa wambiri. Amene samadziwa makinawa amathamangira kunena kuti maginito afooka, koma maginito okhazikika safooka usiku umodzi. Ndinatsuka tizidutswa tamkuwa tosocherato n'kutiyang'anitsitsa. Tambiri tinali timawaya topindana ndi timapaipi tophwanyika, ndipo tonse tinali ndi mafuta a injini. Pa chitsulo chamafuta madzi sagwira bwino, ndiye mpweya umatsalira m'mapindo. Kathovu kamodzi kokha kamanyamula waya wamkuwa ngati mtedza wouma pamadzi, n'kukamusiya kwa zinki. Mkuwa umenewo ndi wamtengo wapatali kuposa zinki, ndipo ogula zinki nawo safuna katundu wosakanikira, choncho timaluza pawiri.

Mpaka Lachitatu madzulo tinali pa nkhani yomweyi. Tinawonjezera nthawi yotsuka ndi kunyowetsa katundu asanalowe m'ngalande, tinachepetsanso liwiro la lamba woyendetsa katundu kuti madzi asavunduke. Madzi akavunduka tizidutswa timakwera ndi kutsika mosalongosoka, zomwe munalekanitsa n'kusakanikiranso. Pa tsiku lomwelo tinachotsa tizidutswa ta stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri) tomwe tinamatira pansi. Chitsulo chimenechi chikaphwanyidwa mwamphamvu chimayamba kugwira maginito pang'ono, ndipo chikaunjikana chimatseka njira ya mtovu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi akudawa. Chidutswa chilichonse chotuluka chimatenga timadontho, ndipo tikapanda kutsuka bwino n'kubwezera, timataya chinthu chodula kuposa china chilichonse pamakina pano. Madzi otsukirawo akabwerera m'thanki amasungunula enawo, mphamvu yonyamula zitsulo n'kuchepa. N'chifukwa chake Lachinayi lonse ndinkangotunga pang'ono, kuyeza pasikelo, n'kuwonjezera madzi okhuthala pamene pafunika. Ndi ntchito yosaoneka ndi maso, koma ikalephereka timalata togawa tija timakhala tikudula pamalo olakwika.

Lachisanu abwana anabwera kudzafunsa ngati tingabwezere lamba pa liwiro lake lakale popeza katundu wadzadza pabwalo. Ndinawaonetsa mbale ziwiri, ina ya Lachiwiri, ina ya m'mawa womwewo, ndipo ndinawauza kuti ine sindingavomereze. Brass amalemera pafupifupi ka 8.5, mkuwa ka 8.9. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti m'ngalande zitsulo ziwirizi zimayenda moyandikana, ndipo kuvunduka pang'ono kokha kumaziphatikiza. Tinagwirizana kuti lamba akhale mmene alili, ndipo sabata yamawa tiyambe kusefa katundu m'magulu a kukula kofanana asanafike pothira madzi, tione ngati pamenepo tingawonjezere liwiro osataya mkuwa.