Mwala umene unaboola denga Lachitatu

Anzanga amene mumaona za chilengedwe m'makhonsolo mukuudziwa mwezi wa Okutobala: dzuwa loswa mtengo, akamvuluvulu m'misewu, madandaulo a fumbi tsiku ndi tsiku. Sabata ino inayamba ngati ena onse, galimoto ya ofesi ili chiimire pansi pa mtengo chifukwa mafuta a mwezi uno sanabwere. Lolemba ndinathera pa tebulo kuwerenga lipoti la ESIA, lounika mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, la kampani ina yofuna kutsegula kwale yatsopano yoswa miyala. Lipoti lonenepa, la zithunzi zokongola, koma pa chigawo chonena za anthu okhala pafupi ndinapezapo dzina la mudzi wa m'boma lina ndi mtsinje umene kuno kulibe. Wolembayo anangotenga lipoti lakale n'kusintha chikuto. Ndinalemba ndemanga zanga n'kulibweza. Zimandipweteka nthawi zonse, chifukwa pepala lotere ndi limene lidzalamulire mpweya, madzi ndi tulo ta mudzi wonse kwa zaka zambiri.

Lachiwiri linali tsiku loyendera kwale ina imene yakhala ikuswa miyala kwa zaka zingapo kumapiri a m'boma lathu. Poti mafuta tilibe, a kampani ndi amene anatumiza galimoto kudzatitenga, monga zimakhalira. Tinapeza msewu uli wonyowa, bawuza, galimoto yothira madzi, itangodutsa kumene. Pa chigayo cha miyala mipopi yopemerera madzi inali kugwira ntchito, anyamata onse ali ndi zipewa zolimba ndi mamasiki oyera. Anationetsa mabuku, tinasaina, anatibweza. Chimene chinandikhala pamtima pobwerera ndi mitengo ya mango ya m'mbali mwa msewu. Masamba ake anali otuwa ngati awazidwa phulusa.

Lachitatu cha m'ma 1 koloko masana foni inalira. Anali a mfumu a mudzi wa kuseri kwa phiri lomwelo. "Bwana, bwerani mudzaone nokha. Mwala wagwera m'nyumba, mwana wavulala." Sindinadikire galimoto ya aliyense. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo aka kanali koyamba kufika pamalopo eni kwale asakudziwa kuti ndikubwera.

Fumbi ndinaliona tikadali kutali, litaima pamwamba pa phiri ngati utsi wa moto wa m'tchire. Msewu umene dzulo lake unali wonyowa unali wouma gwa. Matipa amadutsa osaphimba, ndipo wa kabaza amayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo atatseka nalo pakamwa.

Nyumbayo ndi ya agogo ena aakazi amene akulera adzukulu atatu. Mwalawo, waukulu ngati dzungu, unaboola lata, kuthyola mtanda wa denga, n'kugwera pa beseni la ufa pakati pa nyumba. Lata long'ambikalo linatsika nawo n'kucheka paphewa mtsikana wa Sitandade 3 amene anali atangobwera kusukulu, akuvula yunifolomu. Pamene ndimafika anali atamutengera kale pa njinga ku chipatala chaching'ono, kumene anamusoka. Agogowo ndinawapeza atakhala pakhonde, m'nyumba ufa uli mbwee, wosakanikirana ndi dothi ndi magazi. Ndinagwada n'kuwapepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, dzulo tinakuonani mukudutsa m'galimoto yawo. Tinakuimitsani pa mjigo paja, simunaime."

Sindinawaone. Magalasi anali otseka, ndipo ine ndimacheza ndi woyang'anira kwale. Mawu amenewa sanandichoke mpaka pano.

Ndinayeza mtunda ndi GPS ya pa foni. Kuchokera pa thanthwe limene anaphulitsa kufika pa nyumbayo sipakwana mamita 300. Pa mapu a m'ndondomeko yawo yosamalira chilengedwe, mbali imeneyi analemba kuti ndi tchire lopanda anthu. Tchire lanji lokhala ndi manda, mjigo, ndi mitengo ya mango imene inabzalidwa ine ndisanabadwe? Sayirini yochenjeza anthu inawonongeka miyezi iwiri yapitayo. M'malo mwake amatuma mnyamata wa wezulo ndi mbendera yofiira kukaimitsa magalimoto pa msewu, koma kuseri kwa phiri sapitako. Anthu a m'mudzimo amadziwa kuti lero kuli kuphulitsa nthaka itagwedezeka kale.

Nonse mukudziwa kuti mwala suuluka chonchi popanda cholakwika. Mabowo akayandikira kwambiri m'mphepete mwa thanthwe, wonga ukachuluka, kapena kukamwa kwa bowo kukapanda kutsekedwa bwino, mphamvu imene imayenera kuswa thanthwe imathawira m'mwamba n'kuponya miyala. Bambo wophulitsa ndinawapeza okha kuseri kwa nyumba yosungira zida, munthu wachikulire amene wakalambira pa ntchitoyi. Analankhula motsitsa mawu. Anati kontrakitala wa msewu akufuna miyala yambiri mvula isanayambe, ndiye anauzidwa kuti aziwonjezera wonga wa ANFO m'bowo lililonse, moti malo otsekera pamwamba amatsala ochepa. Potsekapo akuthira ufa wotuluka pobowola m'malo mwa timiyala tosweka, chonsecho ufawo sugwira, umangofwamphuka. "Ndinawauza, bwana," anatero, "koma ndili ndi ana kusekondale." Ndinapempha buku lolembamo kuphulitsa kulikonse, kuchuluka kwa mabowo, kuya kwake, wonga umene walowa. Tsamba lomaliza kulembedwa linali la Julayi. Makina oyeza kugwedezeka kwa nthaka sanafikepo pamalopo chiyambire.

Anthu atamva kuti wa boma wabwera wopanda a kampani, anayamba kundikokera nyumba ndi nyumba. Ming'alu yoyambira pa windo kutsika mpaka pansi, ina yolowa chikhatho. Woyang'anira kwale, amene tsopano anali atafika ali wefuwefu, anayankha momwe amayankhira nthawi zonse, kuti nyumbazi anamanga ndi matope, zikanang'alukabe. Mwina zina n'zoona. Koma angatsimikize ndani? Kampani isanaphulitse koyamba inayenera kuyenda m'mudzimo ndi mafumu, kujambula khoma lililonse momwe linalili. Sinatero, ndipo ofesi yathu sinaikakamize. Lero mlanduwu ulibe mboni, ndipo woluza ndi mwini nyumba.

Kenako ndinakwera ku chigayo. Mipopi ya dzulo ija inali zii. Pampu imadya dizilo, ndiye amaiyatsa kukabwera alendo. Anyamata a pa lamba ndi pa sefa anali atamanga tinsalu ndi mipango pakamwa, nsidze ndi tsitsi zili mbuu ngati nkhalamba. Mamasiki aja anawatolera ife titangotuluka pa geti. Apa ndi pamene mkwiyo unandigwira kuposa pa mwala uja. Thanthwe la phirili ndi granite, lodzaza ndi quartz, ndipo likaphwanyidwa limatulutsa fumbi la silica losaoneka ndi maso limene limakakhazikika mkati mwa mapapo osatulukanso. Matenda ake, silicosis, alibe mankhwala ochiza, amatenga zaka kuti aonekere, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Mnyamata adzayamba kubanika ali kwawo, kampani itamaliza msewu n'kusamuka kalekale, ndipo achibale adzafunafuna chifukwa kwina.

Kwathu matendawa tinawasunga m'nyumba. Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela kukakumba golide. Anabwerako ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tinawaika m'manda. Ndinakula ndikuwamva akutsokomola usiku wonse kuseri kwa khoma. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani a migodi ya golide apereke R5 biliyoni kwa amene anadwala silicosis ndi TB m'migodi yawo, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe chipukuta misozicho. Amalawi amene anagwira ntchito kumeneko ali m'gulu la oyenera kulandira. Agogo anga anapita asanamve n'komwe za zimenezi. Iwo analowa mu mgodi osadziwa chimene fumbi limachita. Ife tikudziwa, tinaphunzira, tinalemba mayeso, ndipo mnyamata wa zaka 20 akupuma fumbi lomwelo kudzera pa mpango m'dziko lake lomwe.

Ndikanakonda lipoti langa likanakhala ndi manambala. Malangizo a 2021 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati fumbi losalala lotchedwa PM10 lisapitirire mamaikulogalamu 45 pa kiyubiki mita ya mpweya m'maola 24, ndipo la PM2.5, losalala koposa, lisapitirire 15. Phokoso la madesibo 85 kwa maola 8 ndi pamene makutu amayamba kuwonongeka, ndipo pa chigayo paja ndimachita kukuwa kuti munthu woima pafupi nane andimve. Koma ofesi yathu ilibe makina oyezera fumbi, ilibenso oyezera phokoso. Ndawaika mu bajeti zaka zitatu zotsatizana, chaka chilichonse amafufutidwa. Manambala okhawo amene ali m'fayilo ndi a mlangizi wolipidwa ndi kampani, ndipo anayeza mu Febuluwale, mvula ili pakati. Umboni wanga ndi chithunzi cha desiki ya pa sukulu ya pulaimale ya m'mudzimo, pamene ndinalemba deti ndi chala pa fumbi, ana atasesa m'mawa womwewo. Umboni wina ndi wa amayi. Anasiya kuyanika ufa panja chifukwa nsima yake imakukutika m'mano, ndiye amayanika m'nyumba, ufa umachedwa kuuma n'kuyamba kununkha. Ndiwo zamasamba za kudimba amatsuka katatu. Zonsezi ndinalemba, koma ndikudziwa kuti loya wa kampani adzafunsa manambala.

Lachinayi tinakumana pabwalo la a mfumu. Kampani inabwera ndi malata anayi, thumba la chimanga, ndi lonjezo lobweza ndalama zonse zimene zalowa pa mwanayo. Nkhani sinali yophweka momwe ndimaiganizira usiku. Anyamata ambiri a m'mudzimo amagwira ntchito komweko, ndipo mjigo uja anakumba ndi a kampani. A mfumu amalankhula moyang'ana uku ndi uku, ndipo sindikuwaimba mlandu. Msonkhano utatha anandizungulira amayi amene amatola miyala yotayidwa m'mphepete mwa kwale n'kumaiswa ndi nyundo kuti agulitse pa wilibala. "Achimwene, mukawatsekera tidya chiyani?" Iwonso amapuma fumbi lomwelo, ana ali kumbuyo. Ndinawauza zoona, kuti sindikufuna kwale itsekedwe. Dziko likufuna miyala, misewu ndi milatho sizimangidwa ndi mawu. Ndikufuna aziphulitsa mwadongosolo ndi kuthira madzi tsiku lililonse, kaya kuli alendo kaya kulibe. Agogo aja analandira malata koma chimanga anakana. Anati sanapemphe chakudya, akufuna auzidwe ngati mawa masana adzukulu awo angakhale m'nyumba. Panalibe amene anawayankha.

Malamulo tili nawo. Environment Management Act ya 2017, imene inakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, imanena poyera kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo osawononga thanzi, ndipo imapereka mphamvu zoimitsa ntchito yowononga. Mines and Minerals Act ya 2023, yoona za migodi, ilipo, Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, yoteteza anthu pa ntchito, iliponso. Koma woyendera amene amafika pa galimoto ya woyenderedwa, pa tsiku limene woyenderedwayo wasankha, n'kuwerenga manambala amene woyenderedwayo walipira, sangaone kanthu. Ndakhala woyendera wotere kwa zaka, ndipo siginecha yanga ili m'buku lawo la alendo tsiku limodzi mwala usanagwe.

Madzulo a Lachinayi lomwelo mmodzi wa akuluakulu anga anandiitana. "Musathamange nayo nkhaniyi, msewu uja akuudikira anthu akuluakulu." Ndinawayankha mwaulemu kuti bwana, ndilemba zimene ndaona, ndipo ndisaina ndekha.

Lachisanu ndinalemba. Ndinapempha kuti kuphulitsa mbali ya kumudzi kuime mpaka sayirini itakonzedwa ndipo mapu atajambulidwanso nyumba iliyonse itawerengedwa. Maola ophulitsira akhale odziwika, amatidwe pa sukulu, pa tchalitchi ndi pa mjigo. Ming'alu ijambulidwe pamaso pa mafumu, mipopi ya madzi iziyaka nthawi yonse chigayo chikulira, anyamata apatsidwe mamasiki ogwira fumbi losalala ndipo akaunikidwe mapapo. Pa mzere womaliza ndinalemba kuti sindidzakweranso galimoto ya kampani imene ndikukaiyendera. Lipoti linapita kumene liyenera kupita. Nthawi yotsala ndinathamangira dandaulo la zinyalala za pamsika ndi la owotcha njerwa m'mbali mwa mtsinje, zimene mukuzidziwa kale, ndipo ndinafika kunyumba khosi likuyabwabe.

Lero Loweruka m'mawa a mfumu anaimbanso. Mtsikana uja akupeza bwino, dzanja likukwezeka. Malata sanakhomedwe chifukwa palibe amene wabweretsa mtanda wolowa m'malo mwa wothyoka uja, ndiye agogo ndi adzukulu akugona kwa mchemwali wawo, ndipo kumwamba mitambo yayamba kusonkhana. Dzulo masana anaphulitsanso, lipoti langa lili m'njira, koma mnyamata wa wezulo anafika mpaka pa mjigo. Ndawapempha a mfumu kuti apeze kope, azilembamo tsiku ndi ola lililonse aphulitsa, ndi tsiku lililonse bawuza yadutsa m'mudzimo. Lolemba ndikaliona kopelo, ndipo sindinauze aliyense nthawi imene ndifike.