Nthabwala za khunyu m'mafilimu

Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amaonetsedwa m'nyumba zoonetsera kanema pa Lizulu ndimawakonda, koma omasulira ena afika ponyanya pa nkhani ya matenda. Munthu akagwa khunyu mufilimu, womasulira amayamba kukuwa kuti anthu athawe malovuwo, ana amene adzaza pamabenchi akutsogolo n'kumafa nalo phwete. Komatu khunyu ndi matenda a muubongo, sapatsirana kudzera m'malovu, ndipo mankhwala ochepetsa kugwako, monga phenobarbitone, amaperekedwa kuchipatala. Wodwala akamaseka matenda ake, monga amachitira ena amene amamwa ma ARV, ndilibe naye mawu chifukwa ululuwo ndi wake. Koma womasulira wabwinobwino asamaphunzitse ana kuthawa mnzawo wa m'kalasi pamene wagwa ndipo akufunika womugoneka cham'mbali.