Loweruka la chevda ndi curry wa nkhuku

Apongozi anga anafika Lachinayi kuchokera ku Phalombe, ndipo chifikireni takhala tikuwadyetsa nsima ya usipa ndi chisoso, zomwezo zimene anazisiya kumudzi. Lero ndinati ayi, munthu wakwera basi ulendo wonse uja, alaweko za m'tauni. Ndiye ndinadzuka ndi ganizo la curry wa nkhuku ndi mpunga wa Kilombero.

Amene anandisokoneza mutu ndi mnzanga wa kuntchito yemwe anakulira ku Limbe. Sabata yatha anandiuza kuti curry amakoma pakakhala kanthu kokukuta pambali pake, ndipo anatchula chevda, zokukuta za amwenye zokazinga n'kusakaniza pamodzi. Ine chevda ndakhala ndikumuona m'mashelefu zaka zonsezi, koma ndinkangomudutsa ngati katundu wa eni ake.

Cha m'ma 9 koloko ndinali kale m'minibasi ya ku Limbe. Nkhuku ndinagula ya lokolo mumsika, yoti ukaiphika msuzi umanunkhira mpaka kwa aneba. Kenako ndinalowa m'sitolo ina ya amwenye momwe fungo la zokometsera limakulonjera uli pakhomo. Mapaketi a chevda analipo a mitundu iwiri, wina wolembedwa kuti ngwozizirirako, wina wa tsabola wambiri. Mayi wachikulire amene anali pa kauntala anandiyang'ana n'kufunsa m'Chichewa chosalala bwino:

"Amayi, tsabola mumamutha?"

Ndinaseka. Ine munthu woti kambuzi ndimachita kumuluma ndi nsima, botolo la Nali silitha mwezi pakhomo panga. Ndinatenga wa tsabola wambiri uja. Mayiwo sananene kanthu, anangomwetulira n'kundipatsa chenji.

Pofika kunyumba magetsi anali atazima, ndiye zonse zinagwera pa mbaula. Sindikudandaula, curry wa pamakala amapsa mofatsa. Ndinakazinga anyezi mpaka atafiira, ndinathira adyo ndi jinja wosinja, kenako ufa wa curry. Apa mpamene ambiri timalakwitsa: ufawo umafuna ukazingike kaye m'mafuta kamphindi, fungo lituluke, usanathire matimati. Ukauthira m'madzi umangomveka fumbi m'kamwa. Nkhuku ya lokolo ndi yolimba, inatenga pafupifupi maola awiri, ndipo mbatatesi ndinaziponya kumapeto kuti zisaphwanyike.

Ndikudikira kuti ipse, ndinatsegula paketi ija n'kukhuthulirako m'mbale. Apongozi anali pamkeka pakhonde akusankha mpunga. Anasiya lichero, n'kundiuza kuti ndibweretse mbaleyo pafupi. Sanalawe msanga. Anatapa pang'ono, n'kuyala pachikhatho, n'kuyamba kupatula ndi chala kamodzikamodzi monga amachitira posankha nyemba.

"Uwu ndi mtedza," anatero. "Ichi ndi tchana chong'alula pakati. Nanga ichi? Si mpunga uwu? Angoupsinja kuti ukhale wapyapyala."

Ananena zoona. Timapepala toyera tija ndi mpunga wophwatalala, womwe ku India amautcha poha. Tizingwe tachikasu topyapyala tija, timene amati sev, ndi ufa wa tchana wokanda, wofinyidwa pa timabowo n'kugwera m'mafuta otentha. Timasamba touma tobiriwira ndi masamba a mtengo wa curry, ndipo chikasucho chimachokera ku turmeric. Apongozi anamvetsera zonsezi, kenako anafunsa mtengo wa paketiyo. Nditawauza, anagwira pakamwa.

"Mwananga, zonsezi n'za m'munda mwathu. Ndalama imeneyo wagulira pepalali?"

Sindinawatsutse. Anthu a ku Phalombe, Mulanje ndi Thyolo amalima nandolo wambiri, ndipo wochuluka amakathera ku India komweko, kumene amamung'alula n'kuphika ndiwo yotchedwa dal. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India anasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 a nandolo wa kuno chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mbewu zimachoka kuno m'matumba pa mtengo wa mavenda, koma zofanana nazo zikakazingidwa n'kuthiridwa mchere ndi tsabola, timazigula ngati mankhwala.

Nkhaniyo inawakumbutsa utsikana wawo. Akuti pa malo a malonda kwawo panali sitolo ya mmwenye kumene ankagula nsalu, mchere ndi palafini, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke kumidzi, azichita malonda m'mizinda mokha. Ambiri mwa mabanja amenewa makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo kumeneko chevda ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ndinaganiza za samusa, amene lero amagulitsidwa pa siteji iliyonse ndipo palibe amamutcha mlendo. Chevda yekha ndiye anatsalira m'shelefu.

Tinakhala pansi kudya cha m'ma 1 koloko. Apa mpamene ndinapusa. Mnzanga uja anati pambali, koma ine pofuna kukongoletsa ndinawaza chevda pamwamba pa curry m'mbale iliyonse, wambirinso. Pamene bambo a kunyumba amamaliza kupemphera, ndipo pemphero lawo pakakhala amayi awo silifupika, chevda yense anali atamwa msuzi. Mpunga wophwatalala uja unasanduka phala, tizingwe tija tinalefuka ngati buledi amene zakumwa zatayikirapo. Chokukuta chinatsala ndi mtedza basi.

Tsabola yekha sanalefuke. Supuni yoyamba inadutsa bwinobwino, yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu ndinamva kumbuyo kwa lilime kukuyaka, kenako moto uja unakwera m'mphuno. Kambuzi amakumenya nthawi yomweyo, umadziwa kuti walumana naye. Uyu amabwera mozemba, atabisala kuseri kwa mchere ndi kashuga pang'ono, ndipo pamene ukumuzindikira n'kuti wadya kale wambiri. Kuphatikiza ndi tsabola amene ndinali nditathira kale mu curry, zinachita kunyanya. Ndinakumbukira kumwetulira kwa mayi a m'sitolo aja.

Mwana wathu wamkulu anagugudiza makapu awiri a madzi, misozi ili mbwembwembwe, koma sizinathandize. Chimene chimawawa mu tsabola chimasungunuka m'mafuta osati m'madzi, choncho madzi amangochimwaza m'kamwa monse. Mwamwayi mufiriji munali chambiko chotsala, chisanatenthe ndi kuzima kwa magetsi kuja. Atamwa theka la kapu anayambanso kuyankhula. N'chifukwa chake amwenye amaika yogati pafupi ndi curry, si zokongoletsa tebulo ayi.

Bambo a kunyumba anadya mwakachetechete, thukuta lili kamukamu pachipumi, osafuna kuoneka ofooka pamaso pa amayi awo. Apongozi okha ndiwo anadya ngati palibe chachitika. Anakankhira chevda wonyowayo m'mphepete mwa mbale, nadya nyama ndi mpunga, kenako anafunsa ngati ufa ulipo.

"Mpungawu wakoma, mwananga, koma madzulo tiphikeko kansima. Msuzi uwu ukufuna nsima."

Theka la paketi linatsala, ndinalimanga ndi kalabala kuti lisalowe mphepo. Cha m'ma 4 koloko ndinawiritsa tiyi wa mkaka, ndipo mosaganizira zambiri ndinaikanso chevda uja m'kambale, wouma. Zinali zina. Ukatapa pang'ono, kukukuta, n'kutsatiza tiyi wotentha, mkaka umaziziritsa tsabola pang'ono pokha, kusiya kukoma kwa mtedza ndi masamba aja. Ndikadzaphikanso curry, chevda adzakhala m'kambale kakekake, aliyense azitapa yekha pa supuni imene akudya nthawi imeneyo, ndipo ndidzagula wozizirira uja.

Madzulo nsima inaphikidwa, ndipo curry wotsala anatha yense. Ndikutsuka mbale ndinamva apongozi akuuza mwana wawo kuti akamabwerera Lachiwiri tiwagulire paketi imodzi, ya tsabola wambiri yomweyo. Akuti akufuna akaonetse amayi a kumpingo, aone ngati sangathe kukazinga wawo ndi tchana chimene chili m'nkhokwe.