Za lichero lija, ndifotokoze ndekha

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi pamsika wa ku Ulónguè, kuno ku Mozambique, ndipo tsiku lililonse akuithira mchere wina, ndaona kuti ndi bwino muimve kuchokera kwa mwini wake. Sindinali maliseche monga akunenera iwowo. Kabudula ndinavala, kungoti madzi a m'dziwe anali atamubisa.

Dziwelo mukulidziwa, lili kuseri kwa khola la nkhumba, pamalo amene apongozi anga anandibwereka monga mkamwini, ndipo ndinaikamo tiana 300 ta nsomba za mtundu wa pende. M'mudzi mwathu mawaya a magetsi sanafike, ngakhale kuti tili m'chigawo chomwecho cha Tete chimene chili ndi damu la Cahora Bassa, lija magetsi ake amakaunikira anthu mpaka ku South Africa. Choncho ndinagulitsa matumba a kachewere n'kugula sola ya mawati 50 pamodzi ndi kapampu kouzira mpweya m'madzi. Wogulitsa ankakatchula kuti bomba, monga amanenera pa Chipwitikizi, ndipo nditabwereza dzinali kunyumba, apongozi, amene anathawirapo nkhondo ku Dedza, anatuma mwana kudzafunsa ngati zinthu zija zayambiranso.

Masana kapampuko kankagwira ntchito yotamandika. Thovu linkabwadamuka pakati pa dziwe ngati mowa wa masese uli pamoto, ndipo anthu opita kudimba ankaima kudzaonera, ine nditapinda manja kumbuyo ngati injiniya. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndere zobiriwira zija, zimene ndinkazinenepetsa ndekha ndi manyowa a nkhuku, zimatulutsa mpweya wabwino dzuwa likamawala, koma usiku zimatembenuka n'kuyamba kulimbirana mpweya womwewo ndi nsomba, moti nthawi yoopsa kwambiri padziwe ndi m'bandakucha. Kapampu kanga tsono kankalimbikira pa nthawi imene nsomba sizinkakafuna, ndipo dzuwa likalowa nako kankaweruka ngati waganyu.

Mlangizi wa zaulimi atandiuza kuti pakufunika batire, ndinazula la njinga yamoto yakufa ya alamu omwewo, la mavoti 12 ndi maampeya 7. Masamu ake ndinadzawachita maliro atachitika kale: kapampu ka mawati 20 kuti kagwire ntchito maola 12 a usiku kamafuna mphamvu yokwana 240, pamene kabatire kangako kankasunga 84 yokha, kutanthauza maola anayi ngati kali katsopano, ndipo sikanali katsopano. Komanso mwana wanga wamkulu anali atatsegula bizinesi yotchajira anzake mafoni pa batire lomwelo ine osadziwa. Mfundo imeneyi alamu saitchula konse akamasimba.

Usiku wa tsokalo unali wa mu Novembala, kunja kuli chifundi, mitambo itaphimba dzuwa masiku awiri popanda kugwetsa ndi dontho lomwe, ndipo madzi akatentha chotero sasunga mpweya wambiri. Ndinadzidzimuka tambala woyamba asanalire chifukwa kuseri kunali zii. Nditaunika ndi tochi, ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba, milomo ili yasa, zikutsegula ndi kutseka pamodzi ngati kwaya imene yaiwala nyimbo. Ndivomereze kuti chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kuunika solayo ndi tochi, ndipo ndinaima choncho kwa kanthawi ndithu, ndikuyembekezera kuti mwina inyengeka n'kuyesa kuti kwacha. Kenaka ndinalumikiza pampu ya njinga ku kapaipi ka mpweya, ndipo nditapopa mpaka mapewa kuchita dzanzi, m'madzimo munatuluka timathovu titatu.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti madzi akamwazidwa m'mwamba amagwa atatenga mpweya, zimene zili zoona ndithu ndipo aliyense wodziwa za nsomba angakuuzeni. Chidebe chinali m'nyumba mogona ana, koma pakhonde panali lichero la mayi a kunyumba. Ndinalitenga, ndinavula malaya, n'kulowa m'dziwemo mpaka m'chiuno, matope n'kundigwira miyendo yonse iwiri ngati angongole. Ndinayamba kutunga madzi ndi licherolo n'kumawaponya kumwamba, theka likudontha lisanafike pamutu, lotsalalo likundigwera kumaso, ndipo kuti ndisafooke ndinkalankhula ndi nsombazo mokweza ndithu kuti, "Pirirani, ana anga, musafe lero, kukucha posachedwa."

Sindidziwa kuti apongozi ndi amayi anzawo atatu opita kumjigo anaima nthawi yaitali bwanji m'mbali mwa khola lija. Chimene anaona n'chakuti mwamuna wamkulu, wandevu, wopanda malaya, ndere zili m'mutu, waima m'madzi kusanache, wakweza lichero kumwamba ndi manja awiri, ndipo akulonjeza ana osaoneka kuti safa lero. Inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno lichero likapezeka panja usiku amati ndi ndege ya anthu ati. Ine ndinauma chomwecho lichero lili m'mwamba, chifukwa kulitsitsa kukanaoneka ngati ndikubisa umboni, kutuluka m'madzi matope ankakana, ndipo kumira kunali kosatheka poti dziwelo n'losaya. Madzi ankadontha kuchokera m'licheromo n'kumandigwera pamphuno limodzilimodzi. Chule wina analira kawiri n'kuleka. Pende imodzi inadzayasamula pafupi ndi mchombo wanga, ndipo ndikulumbira kuti inandiyang'ana mondimvera chisoni.

Apongozi ndi munthu wamwambo, sangalankhule ndi mkamwini maso ndi maso, makamaka mkamwini wopanda malaya. Anatembenuka, anatula ndowa pansi, anaitana mdzukulu wawo wamng'ono amene anali atadzuka ndi phokosolo, ndipo anamutuma ndi mawu aulemu kwambiri, koma omveka mpaka kumjigo: "Pita ukawafunse bambo ako ngati akunyamuka kapena angotera kumene."

Dzuwa litatuluka kapampu kanayamba kokha kubwadamutsa thovu ngati palibe chimene chachitika. Zinafa nsomba 40 zokha, zazikuluzikulu, ndipo ndikanapanda kulowa m'madzimo zikanatha zonse, ngakhale kuti palibe amene wandithokozapo. Ambiri mwa amene akundisekawa anadya nawo ndiwozo, ndipo alamu anatenga zina kupita nazo kwawo. Pano ndinagula batire lalikulu la maampeya 50 ndi kabokosi koletsa kuti lisamatheretu moto, ndipo zonse ndimazikiyira m'bokosi lamatabwa, kiyi ali m'thumba mwanga. Lichero lija mayi a kunyumba analikana, akuti ufa ukumanunkha nsomba, moti ndinawagulira lina pamsika Loweruka lapitali. Lakalelo likadali kuseri kwa khola, poti palibe amene akufuna kuonedwa atalinyamula.