Ndabwerera kwathu ku Zomba

Abale ndi anzanga, ndikukudziwitsani kuti ndamaliza maphunziro a digiri yachiwiri pa za kasamalidwe ka madzi ku Scotland, ndipo tsopano ndabwerera kwathu kuno ku Zomba. Ndikuthokoza makolo anga pamodzi ndi aphunzitsi amene anandisula ku yunivesite ya ku Chirunga.

Kafukufuku wanga anali wokhudza nyanja ya Chilwa. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti zolembedwa zambiri za nyanjayi ndinakaziwerengera kunja, pomwe asodzi a padoko la Kachulu, amene anaiona ndi maso awo itaphwa mu 1995 n'kuchepanso kwambiri mu 2018, mawu awo samveka mokwanira m'zolembedwazo. Nyanjayi ndi yosaya ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho mvula ikavuta, kapena mitengo ikatha kumene kumachokera mitsinje ya Domasi ndi Likangala imene imathira m'nyanjayi, madzi amachepa, matemba amasowa pamsika ndipo mabanja ambiri amagona ndi njala.

Anzanga ena anandilangiza kuti nditsalire komweko, koma mtima wanga sunalole. Ntchito ndikufunafunabe, komabe mwezi wamawa ndipita ku Kachulu kukafotokozera asodziwo m'Chichewa zimene ndinapeza, ndi kukamva maganizo awo.