Ulendo wokaona kuyenga mafuta ndi hexane komanso microwave

Gulu lathu la ofinya mafuta a mpendadzuwa linapita ku labotale ya pasukulu ina ya ukachenjede, komwe amayesa njira zotulutsira mafuta m'mbewu. Funso lathu linali limodzi: bwanji keke yathu, zotsalira za njere tikafinya mafuta, imatsalabe yonona chonchi?

Mayi amene anatilandira sanataye nthawi. Anapera keke yomwe tinabwera nayo n'kuiika m'kachipangizo kagalasi kotchedwa Soxhlet, komwe Franz von Soxhlet anatulukira mu 1879. M'botolo la pansi munali hexane, mankhwala ooneka ngati madzi omwe amawira pa madigiri pafupifupi 69. Nthunzi yake imakwera, n'kuzizira, n'kudonthera pa keke, kenako imabwerera pansi itasungunula mafuta. Tikuyang'ana choncho, botolo lija linayamba kuchita chikasu. Tonse tinangoti kukamwa yasa, poti amenewo ndi mafuta omwe timataya m'keke. Anatiuza kuti ngakhale makina abwino ofinyira amasiya mafuta okwana 5 mpaka 7 peresenti, pomwe hexane imasiya osakwana 1 peresenti. N'chifukwa chake soya, yomwe mafuta ake ndi pafupifupi 20 peresenti chabe, mafakitale aakulu amaiyenga ndi hexane.

Koma Soxhlet imadya maola, ndipo apa ndi pomwe microwave imalowera. Yawoyo si yotenthetsera chakudya ayi. Ili ndi choyezera kutentha ndi chubu chobweza nthunzi. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti mafunde osaoneka omwe microwave imatulutsa, a 2,450 MHz (muyeso wa liwiro la kugwedezeka kwake), hexane saitenthetsa kwenikweni. Amatenthetsa chinyezi chomwe chili m'kati mwa njere. Chinyezicho chikasanduka nthunzi chimaphulitsa timaselo tosunga mafuta, hexane n'kulowa mosavuta. Ntchito ya maola inatha m'mphindi zowerengeka. Njere zouma kwambiri sizimva msanga, ndipo ukapitiriza muyeso mafuta amada n'kumanunkha kupserera. Tinanunkhiza tokha botolo lina lotere. Ethanol, mankhwala a mtundu wa mowa omwenso amasungunula mafuta, yomwe imawira pa madigiri 78, imatenthedwa ndi mafundewa mwachindunji, kungoti sisungunula mafuta bwino ngati hexane.

Bambo wina wachikulire m'gulu lathu anafunsa ngati tingakayesere kwathu. Mayi aja anachita kuimika dzanja.

"Pepani bambo, musayerekeze. Nthunzi ya hexane ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chokwawa pansi. Ikangokumana ndi kamoto ka pa switchi, nyumba yapita."

Anawonjezera kuti hexane iyenera kuchotsedwa m'mafuta ndi m'keke momwe, ndipo malamulo a European Union salola yotsalira kupitirira miligalamu imodzi pa kilogalamu ya mafuta.

Ena anabwerera ali khuma. Ine ndikuona kuti hexane si ya gulu laling'ono ngati lathu, koma nkhani ya chinyezi ndi kutenthetsa njere tisanafinye ndi yathu ndithu. Tagwirizana zowatumizira njere zachinyezi chosiyanasiyana pamodzi ndi keke yake, atiyezere mafuta otsala pa iliyonse.