Mapu a mijigo atuluka: zikomo abambo amakaniki

Mapu a mijigo amene tinkajambula pa kafukufuku wathu kuno ku Kasungu atuluka. Tawapereka ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC), ndipo lipoti lapita ku yunivesite. Ambuye alemekezeke. Zomwe zinachitika pakatipa mukuzidziwa kale: njinga yamoto kugwera m'dambo, foni yokhala ndi mafomu osatumiza kumira, mnzathu kugonekedwa m'chipatala, kenaka mafuta kusowa. Sitibwereza. Mnzathuyo akuyenda tsopano, ngakhale akutsimphinabe. Inu amene munatumiza kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba, amene munagwada kutipempherera, amayi amene munatiphikira osafunsa kuti alipira ndani, Mulungu abwezere pomwe munachotsapo.

Koma pali bambo mmodzi amene tikapanda kuwatchula tichimwa. Dzina sitilemba chifukwa sakonda zoonekera. A kuno ku Kasungu mukuwadziwa: makaniki wa mijigo woyenda pa njinga yakapalasa, sipanala m'chikwama, ndi kope lachikuto chakuda lomangidwa ndi mphira. Abambo, zikomo. Popanda kope lanu lija, mapuwa akanakhala okongola koma abodza.

Tifotokoze chifukwa chake, poti ena mukuganiza kuti tikungokometsera.

Funso la kafukufukuyu linali loti mjigo watsopano uyenera kukumbidwa pati. Muyezo wa boma ndi wodziwika: mjigo umodzi anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Pa kompyuta zimaoneka zophweka. Mumatenga malo a mjigo uliwonse ndi GPS, mumawaika mu pulogalamu yojambulira mapu ya QGIS, mumajambula bwalo la mamita 500 kuzungulira kadontho kalikonse, ndipo nyumba zotsala kunja kwa mabwalowo ndiye zosowa madzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000, ndiye khonsolo singakumbe mongoganizira, kapena potengera amene wakuwa kwambiri pa msonkhano.

Vuto ndi loti kadontho sikanena ngati mjigowo ukutulutsa madzi. Mukafika mu Febuluwale, pafupifupi mjigo uliwonse umene sunathyoke umathira bwino, chifukwa madzi apansi akwera. Bwererani mu Okotobala kapena Novembala mukaone. Chigwa cha Kasungu madzi ake ali m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu, ndipo mjigo wina ukajigidwa m'mawa wonse umayamba kutsokomola mpweya, amayi n'kukhala pansi kudikira kuti madzi abwerere. Ofufuza obwera nthawi ya dzinja amalemba kuti "ukugwira ntchito" n'kumapita. Abambowa ankatsegula kope n'kunena kuti uwu umaphwa chilimwe chilichonse, uwo madzi ake ndi a dzimbiri moti anthu amangochapira, winawo unafa chaka chatha ndodo zitagwera pansi. Ndi chifukwa chake fomu yathu ya pa foni, ya mu pulogalamu ya KoboCollect, ili ndi mayankho anayi m'malo mwa awiri: wabwino chaka chonse, wophwa chilimwe, wogwira ntchito koma madzi osamweka, ndi wakufa. Mabwalo a mamita 500 aja ajambulidwa pa gulu loyamba lokha. Midzi ina imene inkaoneka ngati ili pabwino inatulukira poyera.

Anationetsanso kuyesa mjigo osaumasula. Ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pa foni basi. Mjigo wopereka malita 0.25 pa sekondi, womwe ndi mlingo wochepetsetsa umene okumba amayembekezera, umadzaza ndowayo m'masekondi 80. Mukatero muusiye kwa theka la ola, kenaka muwerenge kuti mwajiga kangati madzi asanatuluke. Akachedwa kwambiri, ndiye kuti akubwerera pansi: kaya foot valve, kavalavu kapansi koletsa madzi kubwerera, yatha, kaya paipi yang'ambika polumikizira. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku, ndi mabushi adyeka. Chikamapepuka koma madzi akubwera pang'ono, kawirikawiri ndi karabala kotchedwa U-seal. Zambiri mwa izi pa mjigo wa mtundu wa Afridev ndi zotsika mtengo, komiti ya mjigo ikhoza kugula yokha ndi ndalama zosonkha pamwezi. Kusiyanitsa kumeneku ndi kofunika kwa okonza mapulani, chifukwa mudzi wofuna karabala sungaikidwe pa mndandanda umodzi ndi mudzi wofuna galimoto yokumba. Afridev imakoka madzi mpaka pa mamita 45, ndiye komwe madzi amatsika kuposa apo, ngakhale musinthe zonse, simupindula.

Abambo, munkatidikira tikuimirira pa mjigo ngati osokonezeka, foni m'mwamba. Ana ankaseka, inu ayi. Kwa amene mudzachite ntchito yotereyi: musasunge malo foni ikangoonetsa manambala. Imani poyera, osati pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi denga la malata, dikirani mpaka iwonetse kuti kulakwitsa kwake kwatsika kufika mamita 5 kapena kucheperapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo madzulo aliwonse kwerani pachulu pomwe pali netiweki mutumize mafomu, chifukwa fomu imene ili m'foni mokha ikhoza kupita ndi madzi. Pawabanki ikhale yodzaza, magetsi musawadalire.

Ntchito ina yowawa inali kuyeretsa mindandanda yakale imene tinapatsidwa. Kasungu ili pafupifupi pa madigiri 13 kummwera kwa equator ndi 33 kummawa. Wolemba akaiwala kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa 13, mjigo wa kwa Chulu kuno ku Kasungu umakapezeka ku Sudan. Akasinthanitsa manambala awiriwo, umakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Zimenezo n'zosavuta kugwira chifukwa zimaonekeratu. Zoopsa ndi zosuntha pang'ono. Mapu akale a boma a sikelo ya 1:50,000 anajambulidwa pa muyezo wa malo wotchedwa Arc, pomwe foni imagwiritsa ntchito muyezo wina wotchedwa WGS 84. Mukaphatikiza ziwirizi osatembenuza, kadontho kamasuntha mamita mazana angapo, ndipo pa muyezo wa mamita 500 kusuntha kotero kukhoza kupatsa mudzi mjigo umene uli tsidya lina la mtsinje. Zonse ziikidwe pa muyezo umodzi wowerenga mamita, wa UTM zone 36S, musanayeze mtunda uliwonse. Nanga mjigo umodzi wolembedwa katatu, kamodzi ndi dzina la mudzi, kachiwiri ndi dzina la sukulu, kachitatu ndi dzina la bungwe lomwe linakumba? Kompyuta imawerenga itatu. Abambowa ankangoyang'ana n'kunena kuti ndi umodzi womwewo, wa kuseri kwa tchalitchi.

Ndipo za bwalo lija. Bwalo limayeza molunjika, koma mayi wosenza ndowa amatsata njira. Dzinja likafika dambo limadzaza, mjigo umene uli pa mamita 300 umasanduka ulendo wozungulira. Kumene kuli esiteti, njira yachidule imatsekedwa ndi munda wa mwini. Kumalire ndi nkhalango ya Kasungu National Park, komwe anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu ena sayerekeza kupita kumjigo m'bandakucha. Choncho njira zoyenda pansi zinajambulidwa ndi GPS, zina zinatengedwa pa mapu a pa intaneti a OpenStreetMap n'kutsimikizidwa, ndipo mtunda wawerengedwa potsata njirazo. Amene ankatsogola, kuloza kuti apa dzinja sipadutsika, ndi abambo amakaniki omwewo.

Kuwerenga anthu nako kuli ndi msampha wake wa kuno kwathu. Mapulogalamu ozindikira nyumba pa zithunzi za setilaiti sasiyanitsa nyumba ndi chigafa cha fodya. Mukachulukitsa denga lililonse ndi 4.4, chomwe ndi chiwerengero cha anthu pa banja malinga ndi kalembera wa 2018, mudzi wa alimi a fodya umatupa. Nyumba zaudzu zokhala pansi pa mitengo nazo zimaphonyedwa, komanso matenanti amabwera ndi kupita malinga ndi nyengo. Apa tithokoze alangizi a zaumoyo amene anatitsegulira makaundula a m'midzi, ndi mafumu amene anaitanitsa anthu osatitopetsa. Zimbudzi zoyandikira mjigo kuposa mamita 30 zaikidwa ndi mtundu wofiira. Amene mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 simufunsa chifukwa chake.

Ena tinawalembera makalata, tinawaimbira, anatifunsa kaye kuti alawansi ndi zingati. Atamva, foni zawo zinayamba kusapezeka. Tsiku lopereka mapu tinawaona atakhala kutsogolo, akuloza ndi cholembera. Palibe kanthu, mapuwo ndi anunso, agwiritseni ntchito. Chomwe tikupempha n'chakuti pokonza mapulani a m'midzi ndi pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF), pepalalo lifunyululidwe patebulo.

Abambo amakaniki sanafunsepo kanthu. Tsiku la ngozi ndi iwo anathamanga kukapeza galimoto, ndi iwo anasunga zipangizo kunyumba kwawo, ndipo ntchito itayambiranso anatibwereza mjigo ndi mjigo m'midzi yonse imene mafomu ake anatayika, uku akusiya munda wawo nthawi yopalira. Amayi akunyumba kwanu, abambo, muwathokozere. Nsima ya nkhwani wotendera ija sitiiwala. Yehova akusungeni, akupatseni mphamvu m'miyendomo, adalitse ana anu ndi ntchito ya manja anu. M'lipoti, pa tsamba lothokoza, mwalembedwa poyamba penipeni, aphunzitsi athu akubwera pambuyo panu, ndipo iwonso avomera.

Mapu osindikizidwa pa pepala lalikulu la A1 ali kwa wapampando wa ADC, ang'onoang'ono apita ku makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC). Mukaona dzina la mudzi lalembedwa molakwika, kapena mjigo wanu waikidwa kuti ndi wabwino pomwe umaphwa, uzani wapampando wa VDC alembe pa pepala lomwelo ndi pensulo. Tidzatolera zokonzazo mu Okotobala, nthawi yoyesanso mijigo ndi ndowa madzi atatsika.